Tikusula Khasu Kapena Mkondo?

Makolo athu adatisiyira mau okoma onena za kuphunzitsa munthu ntchito yaikulu: amati kumsula. Mauwa adachokera kuchipala, kumene mmisiri amaika chitsulo pamakala, nachipemerera ndi mvukuto, nachimenya ndi nyundo kufikira chitasanduka chida. Komatu chipala chimene chimatulutsa khasu ndi chomwenso chimatulutsa mkondo. Chitsulo nchimodzi, moto ngumodzi, nyundo ndi yomweyo. Chosiyana ndi chimene wosulayo ali nacho mumtima poyamba ntchito. Masiku ano maparishi athu a m'maboma a Machinga ndi Balaka amaitana akatekisti, atsogoleri a malimana ndi a mabungwe osiyanasiyana kuti akasulidwe pa ntchito yofalitsa Mthenga Wabwino. Ambiri mwa iwo akamaliza maphunziro amabwerera kumidzi kumene anansi ao, ngakhale abale ao enieni, ndi Asilamu. Tsono funso limene tifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi mwezi uno nali: kodi munthu amene timtuma pakati pa anthu a chipembedzo china tiyenera kumsula kuti akhale chida chotani?

Kumene atsogoleri athu amagwira ntchito

Titenge dera la Mposa ngati chitsanzo. Derali lili pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa. Anthu ake ambiri amalima mpunga m'madambo ndi ku sikimu ya Domasi. Ena ndi asodzi a matemba, makumba ndi milamba, amene amatha masabata ali panyanja m'zimbowera zao, kutali ndi tchalitchi ndi mzikiti womwe. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti m'Malawi monse, mwa anthu 100 alionse, 17 ndi Akatolika ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Koma m'boma la Machinga Asilamu ndiwo ochuluka kupambana Akristu a mipingo yonse kuwaphatikiza pamodzi. Kuno sichachilendo kuona mbumba imodzi ili ndi zipembedzo ziwiri: mchimwene Lachisanu wavala mkanjo kupita kumzikiti, mlongo wake Lamulungu watenga korona kupita kutchalitchi, chonsecho onse amamwa pachitsime chimodzi, namvera mwinimbumba mmodzi.

Ansembe ndi ochepa, nthambi za parishi nzambiri ndiponso nzotalikirana. Wansembe amafika kunthambi mwa apo ndi apo. Masabata ena onse, amene amatsogolera mapemphero a Lamulungu, amene amaphunzitsa ofuna ubatizo, amene amaperekeza maliro kumanda, amene amadzutsidwa usiku banja likayambana, ndi mkristu wamba amene anzake adamsankha. Shehe wa m'mudzimo, nyakwawa, mai wogulitsa matemba padoko, onsewa sadawerengepo kalata ya Apapa, ndipo ambiri mwa iwo sadzalowa m'tchalitchi moyo wao wonse. Chimene amadziwa cha Eklezia Katolika ndi munthu ameneyu: mayankhulidwe ake, m'mene amasungira mkazi wake, ngati amabweza ngongole, ngati amaoneka pamaliro a Msilamu. Nchifukwa chake nkhani ya kumsula si nkhani ya ansembe okha. Ikutikhudza tonse amene dzina lathu lachikristu walisenza pamutu pake.

Malamulo awiri otimanga

Pali anthu ena okoma mtima amene amati, "Bwanji osangowasiya? Ali ndi chipembedzo chao, amapemphera kasanu pa tsiku, amasala chakudya mwezi wathunthu. Kupita kwa iwo ndi Mthenga nkuputa mkangano pachibale." Pali enanso achangu amene amati, "Tiphunzitseni mavesi oti tikawagonjetse nawo pamtsutso." Ndani mwa ife sadaonepo khamu la anthu litazungulira pamsika, uyu ndi buku lake, uyo ndi buku lake, chimkuzamau chili kukamwa, aliyense kufuna kuti mnzake achite manyazi pagulu?

Eklezia sagwirizana ndi maganizo onse awiriwa, chifukwa ali ndi malamulo awiri amene sangathe kutayapo limodzi. Loyamba lidachokera kwa Ambuye Yezu eni ake pamene ankatuma ophunzira ao kwa anthu a mitundu yonse (Mateyo 28:19). Sadapatulepo mtundu ndi umodzi womwe. Munthu amene wapeza kasupe wa madzi abwino nabisira mnansi wake, uku akunena kuti amamkonda, akudzinamiza yekha. Msonkhano Waukulu wa Vatican II udakumbutsa zimenezi mu 1965 m'chikalata chotchedwa *Ad Gentes*, chimene chidaphunzitsa kuti Eklezia mwa chibadwa chake ngwotumidwa. Chikalata chomwecho chidayamika ntchito ya akatekisti, amuna ndi akazi, nichipempha kuti pakhale sukulu zowasula mokwanira.

Lamulo lachiwiri Msonkhano womwewo udalilemba chaka chomwecho. M'chikalata cha *Nostra Aetate* Aepiskopi a dziko lonse adanena poyera kuti Eklezia amawapatsa ulemu Asilamu, popeza amapembedza Mulungu mmodzi, Mlengi wachifundo, amalemekeza Yezu ngati mneneri ndi Amai ake Maria, ndipo amalimbikira kupemphera, kusala ndi kuthandiza osauka. Adapempha kuti udani wakale uiwalike. Ndipo m'chikalata cha *Dignitatis Humanae* adaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chikhulupiriro, ndi kuti pofalitsa chipembedzo tipewe ngakhale kunyengerera kosayenera, makamaka pochita ndi anthu osauka kapena osaphunzira.

Tsono talamulidwa kupita, talamulidwanso kulemekeza amene tikupita kwa iwo. Papepala malamulo awiriwa amakhala bwinobwino moyandikana. Pamene amavuta ndi pakhonde la nyumba, pamene munthu wamoyo akuyankhula ndi munthu mnzake. Kumeneko chimene chimawagwirizanitsa kapena kuwawombanitsa ndi khalidwe la munthu amene tamtuma.

Phunziro lochokera ku Philippines

Kuti nkhaniyi itimvekere bwino, tiyeni tiponye maso kutali pang'ono, kwa abale athu a ku Philippines, dziko la zilumba zoposa 7,000 ku Asia. Dzikoli nlosiyana ndi lathu pa zambiri, pakuti pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse kumeneko ndi Akatolika. Koma kumwera kwake, m'madera ena a chilumba cha Mindanao ndi pa zilumba za Sulu, zinthu zili monga kwathu kuno: Asilamu ndiwo ochuluka, ndipo Chisilamu ndicho chidayamba kufika. Pamene Misa yoyamba inkachitika m'dzikolo mu 1521, Chisilamu chidali chitakhazikika kale ku Sulu, monga momwe ansembe a chipani cha White Fathers, pofika kwa Mfumu Mponda mu Disembala 1889, adachipezera chitazika kale mizu m'mudzi wa mfumuyo. Dziko limeneli lili ndi mbiri yaitali ya kusula akristu wamba kuti akalalike, ndipo m'mbiriyo titolamo zinthu ziwiri.

Choyamba ndi mbiri ya mnyamata wina wa ku zilumba za Visayas, dzina lake Pedro Calungsod. Iyeyu adaphunzitsidwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit kukhala katekisti, ndipo mu 1668, ali ndi zaka pafupifupi 14, adatsagana ndi Bambo Diego Luis de San Vitores kupita ku zilumba za Marianas, kwa anthu otchedwa Chamorro amene ankatsata chipembedzo cha makolo ao. Poyamba adalandiridwa bwino. Koma pambuyo pake padabuka mphekesera yakuti madzi a ubatizo ngapoizoni, chifukwa ana ena amene adabatizidwa ali odwala adamwalira. Pa 2 Epulo 1672, m'mudzi wa Tumon pa chilumba cha Guam, mfumu Matapang idakana kuti khanda lake libatizidwe. Iyo itachokapo, wansembeyo adabatiza mwanayo mai wake atavomera. Mfumu idabwera ili piringupiringu ndi ukali, pamodzi ndi mnzake, niyamba kuponya mikondo. Pedro, pokhala mnyamata wanyonga, adalewa mikondo yoyamba, ndipo akadafuna akadathawa, koma sadafune kusiya wansembe yekha. M'manja mwake mudalibe chida chilichonse, pakuti Bambo San Vitores sankalola omthandiza ake kuyenda ndi zida. Mkondo udamlasa pachifuwa, ndipo onse awiri adaphedwa, mitembo yao niponyedwa m'nyanja. Papa Benedict XVI adamuika Pedro m'gulu la oyera pa 21 Okutobala 2012.

Mbiriyi ikutiphunzitsa mbali ziwiri. Mbali imodzi tikuona katekisti amene adasulidwa kuti ayende manja ali okhaokha, ndi kuti asathawe mnzake pa tsoka. Mbali ina tikuona zimene zidatsatira: asilikali a ku Spain adabwera kudzalipsira, nkhondo idapitirira zaka zambiri, ndipo mtundu wa Chamorro udachepa koopsa ndi nkhondoyo pamodzi ndi matenda. Sitikuweruza amartiriwo, amene adachita monga nthawi yao inkamvera za kufunika kwa kufulumira ndi ubatizo. Koma tikuona kuti dzina la Kristu likangoyenda limodzi ndi mkondo, chilonda chake chimatenga mibadwo kuti chipole.

Chachiwiri nchaposachedwa. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Eklezia wa ku Mindanao adayamba kumanga timagulu tating'ono ta akristu tofanana ndi malimana athu, totsogoleredwa ndi akristu wamba amene m'chinenero cha kumeneko amawatcha *kaabag*, ndiye kuti othandiza. Mu 1991 Msonkhano Waukulu wa Eklezia wa m'dziko lonselo udavomereza timaguluti ngati njira ya Eklezia yense. Koma m'zaka zomwezo kumwera kwa dzikolo kudali nkhondo pakati pa boma ndi magulu a Asilamu, ndipo chidani chidalowa m'midzi. Zidaoneka kuti mtsogoleri wodziwa katekisimu yekha, wosadziwa mtima wa mnansi wake, sangathe kugwira ntchito m'dera lotero. Nchifukwa chake mu 1984 Bambo Sebastiano D'Ambra, pamodzi ndi abwenzi ake Akristu ndi Asilamu, adayambitsa bungwe la Silsilah mu mzinda wa Zamboanga. Dzinali nlachiarabu, ndipo litanthauza unyolo wolumikiza. Bungweli lidayamba kuchititsa maphunziro kumene akatekisti, masisitere, ophunzira zaunsembe ndi aphunzitsi amakhala pamodzi ndi Asilamu, aliyense kumva chikhulupiriro cha mnzake kuchokera pakamwa pa mwini wake. Ntchitoyi idali ndi mtengo wake. Pa 20 Meyi 1992 Bambo Salvatore Carzedda, mmodzi mwa ophunzitsa, adawomberedwa ndi mfuti akuchokera kumaphunziroko. Maphunziro sadalekeke. Ndipo mu 1996 Aepiskopi ndi akuluakulu a Chisilamu a ku Mindanao adayamba kumakumana nthawi ndi nthawi kukambirana za mtendere.

Chipala chathu

Tikabwerera kwathu, tipeza kuti chipala tili nacho kale. Aepiskopi a kuvuma kwa Africa, a bungwe la AMECEA, adagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti malimana ndiwo akhale maziko a Eklezia, ndipo mu 1979 adakumana ku Zomba konkuno kuti aunike m'mene ntchitoyo inkayendera. Ngakhale njira ija ya masitepe 7 ogawana Mau a Mulungu, imene idakonzedwa ku Lumko ku South Africa, abale athu a ku Asia adaitengera kuno ku Africa. Tsono chimene tiyenera kufunsa nchakuti, kodi m'chipalamo muyenera kutuluka munthu wotani? Ife tikuona zinthu zinai.

Choyamba, akhale munthu wopemphera ndi wodziwa chimene amakhulupirira. Mnansi amene amadzuka m'bandakucha kukapemphera sangamvere mtsogoleri amene m'nyumba mwake simumveka pemphero. Ndipo mafunso amene Asilamu amatifunsa ngodziwika. Mumati Mulungu ndi mmodzi, nanga atatuwo achokera kuti? Mulungu angabale bwanji mwana? Angalole bwanji mneneri wake kufa imfa yamanyazi pamtanda? Zifanizo zili m'tchalitchizo, kodi simuzipembedza? Awa si mafunso achipongwe ayi. Ndi mafunso a anthu amene amaopa kuchepetsa ulemerero wa Mulungu. Mtsogoleri wathu aphunzitsidwe kuwayankha mofatsa ndi momveka: kuti ifenso timapembedza Mulungu mmodzi yekha, kuti potchula Yezu Mwana wa Mulungu sitinena za kubala konga kwa anthu, kuti mtanda ndi pamene chifundo cha Mulungu chidafika pachimake. Amene sadziwa yankho ndiye amafulumira kupsa mtima.

Chachiwiri, akhale ndi makutu. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Limodzi mwa mabuku oyamba kusindikizidwa ku Manila, mu 1593, lidali katekisimu ya m'chinenero cha Tagalog, chifukwa amishoni adaona kuti Mulungu amafika pamtima pa munthu kudzera m'chinenero chimene adayamwira. Mtsogoleri wa kwa Mposa amene satha kupereka moni ndi kupepesa maliro m'Chiyao ali ngati mlimi wopita kumunda ndi mpini wopanda khasu. Adziwenso miyambo ya anansi ake: kuti maliro ao sachedwa kuikidwa, kuti mwezi wa Ramadani si woitanira anthu kuphwando lamasana, kuti Asilamu nawonso ali ndi magulu ao amene amasiyana maganizo pa za sadaka ndi sikiri. Makolo athu akristu a m'madera muno adatisiyira kale nzeru pa zimenezi. Pakakhala ukwati kapena maliro, amaitana Msilamu kuti ndiye achinje mbuzi, kuti aliyense adye ndi mtima woyera. Amene adayamba mwambo umenewu sadapite kusukulu ya zaumulungu, koma adamvetsa bwino chiphunzitso cha Paulo Woyera chakuti tisakhumudwitse mbale chifukwa cha chakudya (Aroma 14).

Chachitatu, akhale ndi manja oyera. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka matope okhaokha. Nyanja ikauma, mabwato amagona pamtunda, njala nilowa m'nyumba ya Mkristu ndi ya Msilamu mosasankha. Nthawi zotero thandizo limadzera m'manja mwa atsogoleri a mpingo, ndipo apa ndi pamene pali mayeso aakulu. Nkosavuta kulemba maina a anthu a m'limana okha. Nkosavutanso kupereka thumba la chimanga uku ukunong'oneza kuti, "Lamulungu tikuoneni kutchalitchi." Munthu wanjala adzabweradi, koma amene wabwera ndi mimba yake, mtima wausiya kunyumba. Choipa koposa nchakuti mudzi wonse umaphunzira kuti chikondi cha Akristu chili ndi mbedza m'kati. Tikumbukire kuti kale makolo ambiri achiyao ankaopa kutumiza ana ao kusukulu za mishoni poganiza kuti akawatembenuza, ndipo mantha amenewo sadatheretu. Mtsogoleri asulidwe kupereka chifukwa munthuyo ali ndi njala, basi, monga Msamariya uja sadafunse chipembedzo cha munthu wovulala (Luka 10).

Chachinai, akhale wodekha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ansembe aja a kwa Mponda adatsekula sukulu, nathandiza odwala, koma mu 1891 adachoka osasiya mpingo. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, natsekula mishoni ya Utale mu 1908. Dayosizi ya Mangochi idakhazikitsidwa mu 1973, Episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Kuchokera pa tsiku lofika kwa Mponda padapita zaka 84. Tsono mtsogoleri amene timamuyeza ndi chiwerengero cha anthu amene wabatizitsa pa chaka, tikumkankhira ku changu choononga. Ndipo ngati Msilamu wina, mwa ufulu wake, abwera nati afuna kudziwa Kristu, mtsogoleri adziwe kulemera kwa chimene munthuyo akuchita. Mwina ataya banja, mwina abale ake amsala, mwina asowa womuika akadzamwalira. Munthu wotere sitimuonetsa pagulu ngati nyama imene tapha kuuzimba. Timayenda naye pang'onopang'ono zaka zonse za kalasi, timalemekeza makolo ake, ndipo limana limakonzeka kukhala mbumba yake pa mtendere ndi pa mavuto.

Kodi amenewa si mantha?

Tikudziwa kuti ena mwa owerenga athu afunsa kuti, "Kodi zonsezi si njira yobisira mantha? Ngati mtsogoleri angokhala mnansi wabwino, dzina la Yezu lidzamveka liti?" Funsoli nloyenera, ndipo sitilizemba. Papa Paul VI, m'kalata yake ya mu 1975 yotchedwa *Evangelii Nuntiandi*, adaphunzitsa kuti anthu a masiku ano amamvera mboni kupambana aphunzitsi. Koma m'kalata yomweyo adachenjezanso kuti umboni wa moyo, ngakhale ukome chotani, sukwanira ngati dzina la Yezu, chiphunzitso chake ndi malonjezo ake sizilalikidwa poyera. Petro Woyera naye adalangiza akristu kuti akhale okonzeka kufotokoza chiyembekezo chao kwa aliyense wofunsa, koma mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15-16). Tsono mtsogoleri amene pofuna mtendere anena kuti zipembedzo zonse nchimodzimodzi, kapena abisa mtanda m'thumba, wanamiza mnansi wake, ndipo kunamiza munthu si kumlemekeza. Msilamu woona amapatsa ulemu Mkristu amene amaima pa chikhulupiriro chake kupambana amene amangovomera zilizonse.

Tisaganize kuti khasu nchida cha anthu ofooka. Khasu nalo nlakuthwa, limang'amba nthaka youma, ndipo amene amaligwira tsiku lonse amadziwa matuza ake. Kuponya mau olasa pamsika nkupita kwanu anthu akuomba m'manja, mwana aliyense angathe. Koma kukhala m'mudzi umodzi zaka makumi awiri, kunyozedwa osabwezera, kunena zoona za Kristu kwa munthu amene mawa udzakumana naye pachitsime, zimenezo zimafuna mtima wa Pedro Calungsod ndi wa Bambo Carzedda. Kusiyana kwake nkwakuti mkondo ukagwira ntchito yake bwino pamatsala wogonja, pamene khasu likagwira ntchito yake bwino pamamera chakudya chimene wolima ndi mnansi wake adzadyera limodzi. Ndipo womeretsa si wolimayo. Ndi Mulungu (1 Akorinto 3:6-7).

Mbali ya mabanja athu

M'mera mpoyamba. Maphunziro a masabata awiri kuparishi, ngakhale a zaka ziwiri kusukulu ya akatekisti, sangawongole msanga chimene chidapindika pakhomo. Chipala choyamba ndi banja. Mwana amene amamva makolo ake akutchula Asilamu maina achipongwe pa nthawi ya chakudya, tamuyamba kale kumsula mkondo. Mwana amene amaona mai ake akutenga nkhuni ndi ufa kupita kumaliro a Msilamu, naona bambo ake akutsogolera korona madzulo osachita manyazi ngakhale pali alendo, ameneyo waphunzira malamulo awiri aja asanadziwe kuwerenga.

Mbali yachiwiri ya mabanja ndi kusankha. Limana likamasankha woti apite kumaphunziro, maso amathamangira kwa munthu wapakamwa, kapena kwa amene ali ndi kangachepe. Bwanji tisanasankhe titadzifunsa kuti, kodi anansi athu achisilamu amati chiyani za munthu ameneyu? Paulo Woyera adauza Timoteo kuti woyang'anira mpingo akhale wa mbiri yabwino ngakhale kwa anthu akunja (1 Timoteo 3:7). Tisaiwalenso amai. Pachitsime, kuchigayo, kusikelo, pachikuta, amai amafika pamene katekisti wamwamuna sangaponde. Mu 2021 malemu Papa Francis, m'kalata ya *Antiquum Ministerium*, adakhazikitsa ukatekisti ngati utumiki weniweni wa mu Eklezia, wotsekukira amuna ndi akazi omwe.

Mbali yachitatu ndi kusenza mtolo pamodzi naye. Walira mvula walira matope. Tikafuna mtsogoleri wosulidwa bwino, tidziwe kuti pamene iye ali kumaphunziro mpunga wake ukufuna wowokera, ana ake akufuna sopo, njinga yake ikufuna matayala. Katekisti amene banja lake likugona ndi njala ndiye amene manja ake amayesedwa pa tsiku logawa chimanga. Limana limene limapalira munda wa mtsogoleri wake, nilipereka mtulo mokhulupirika, nilimuyendera mkazi wake akadwala, limenelo likugwira nawo ntchito yofalitsa Mthenga Wabwino ngakhale lisanatsekule pakamwa.

Tsono abale athu okondedwa, pamsonkhano wotsatira wa limana tiyeni tipatule nthawi yokambirana zimenezi. Tifunsane kuti ndani pakati pathu amene angaphunzitse anzake moni ndi mau opepesera m'Chiyao. Tifunsane ngati mndandanda wa ovutika amene timawathandiza uli ndi dzina la Msilamu. Tipemphe Bambo Mfumu kuti pa maphunziro a atsogoleri pazikhala nthawi yophunzira za Chisilamu moona, ndi yophunzira kuyankha mafunso aja mwaulemu. Ndipo m'mapemphero athu a madzulo tiwatchule maina akatekisti ndi atsogoleri athu, kuti Mzimu Woyera, amene ali moto weniweni wa m'chipalamo, awasule akhale anthu amene anansi ao adzathokoza Mulungu chifukwa chokhala nawo pafupi. Pedro Calungsod Woyera, katekisti ndi martiri, awapempherere.